Mbewu ya Pak Suwondo

"Mzere wofiira wapita kuti?" anafunsa Nawang, akuyandikitsa nkhope pa kompyuta.

Linali Lolemba m'mawa, m'chipinda cha ophunzira a digiri yapamwamba ya PhD pa nsanjika yachitatu. Fani ya kudenga inkangozungulitsa mpweya wotentha womwewo. Pa tebulo loyandikana nalo, mnzake Tiurma ankadya tempe, chakudya cha soya, wokazinga wa m'kapepala, uku akutayipa ndi chala chimodzi chomwe chinalibe mafuta.

"Wathawa," anatero Tiurma osacheuka n'komwe, akumutcha Mbak, ndiko kuti achemwali. "Zaka zinayi, Mbak. Ngakhale mzere umatopa naye munthu."

Nawang sanaseke. Lachinayi ankayenera kukaima pamaso pa aphunzitsi asanu kuteteza kafukufuku wake, ndipo Loweruka akwere ndege kuchoka kuno ku Yogya kubwerera ku Palangkaraya, mzinda wa pa chilumba china, komwe kunali mwamuna wake Danang ndi mwana wawo Kinan. Mwanayo anamusiya ali ndi zaka ziwiri. Tsopano anali ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mayi ake ankawaona kamodzi pa chaka, kwinako pa foni. Katundu Nawang anali atatumiza kale pa sitima ya pamadzi. M'chipinda chake chogona munatsala sutikesi imodzi ndi zovala za Lachinayi.

Ntchito yakeyo munthu wapadera akanaiyesa masewera, koma inali ntchito ndithu. Mu kompyuta anamanga maselo a ubongo ongoyerekezera, mazana asanu, n'kuwalumikiza ndi timaulusi tofooka. Selo lotere likakankhidwa mokwanira limagunda kamodzi, kenako n'kupuma. Mu ubongo weniweni maselo sakhala pabata, amagwedezedwa nthawi zonse ndi tizinthu ta chisawawa, ndipo anthu a ntchitoyi amangotitcha phokoso. Nawang ankathira phokosolo m'maselo ake n'kumaona zochitika. Likachepa, maselo ankangoti duu. Likachuluka, lililonse linkagunda payekhapayekha. Koma likakhala la pakatikati, eee! Onse mazana asanu ankagunda pamodzi mwadongosolo, ngakhale kuti timaulusi tija tinali tofooka kwambiri. Mutu wachinayi wa buku lake, womwe unali msana wa kafukufuku yense, unkanena zimenezi: phokoso la muyeso limathandiza maselo kumverana.

Mmodzi wa oyesa mayeso aja anali atapempha kanthu kakang'ono, chithunzi choonetsa phokoso lolowa m'maselo awiri osiyana, lina ndi mzere wabuluu, lina ndi wofiira. Inali ntchito ya mphindi zisanu. Koma pa kompyuta panatuluka mzere umodzi wokha, wabuluu.

Anauchotsa wabuluuwo. Wofiira unali pansi pake, wofanana nawo ndendende, pokwera pomwepo, potsika pomwepo. Anasankha maselo ena awiri. Chimodzimodzi. Anatenga selo loyamba ndi lomaliza. Chimodzimodzinso.

"Tiur, tabwera."

Mawuwo anatuluka mwa mtundu wina, moti Tiurma anasiya tempe n'kupukuta zala pa buluku. Tiurma anali wa mtundu wa Abataki a ku Tarutung, osati Mjava ngati Nawang, wa mawu ngati woitanira basi, ndipo chinthu akachiona sankachizungulira.

"Selo lililonse liyenera kulandira phokoso lakelake," anatero Nawang. "Koma taona."

Tiurma anayang'anitsitsa. Nthabwala zinamuthera.

"Dula timaulusi tonse," anatero. "Asalumikizane ngakhale pang'ono. Akagundabe pamodzi, ndiye kuti..."

Sanamalize. Nawang anasintha nambala imodzi kukhala ziro, ndipo awiriwo anadikira. Patapita mphindi khumi zotsatira zinabwera. Maselo osalumikizana, osadziwana n'komwe, ankagunda pamodzi bwinobwino ngati kale.

"Mayo ine!" anatero Tiurma. "Sakumverana awa. Akungovinira ng'oma imodzi."

Anatsegula kapulogalamu kopanga phokoso. Kompyuta sidziwa chisawawa chenicheni. Kuti ikutulutsire manambala osokonekera umaipatsa nambala yoyambira, yomwe amaitcha mbewu, ndipo mbewu ikakhala yomweyo manambala amatulukanso omwewo. Kapulogalamuka kankadzala mbewu imodzimodzi, 1903, pa selo lililonse. Pamwamba pake panali dzina la mlembi wake: Suwondo.

Pak Suwondo, kapena titi Bambo Suwondo, ndi amene ankayang'anira kafukufuku wa Nawang. Anali bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, wofatsa, woyenda ngati akuopa kupweteka simenti. Kapulogalamuka anakalemba zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo wophunzira aliyense wobwera kwa iwo ankakalandira tsiku loyamba. Palibe anakatsegulapo, monga mmene suvundukula mphika wa apongozi. Nkhani yawo yomwe inawatchukitsa m'magazini ya asayansi kunja inachokera pa kapulogalamu komweka.

Tiurma anakatseka chitseko n'kubwera kudzakhala pa tebulo la Nawang.

"Tamvera, Mbak. Waona izi ndani? Iwe ndi ine. Ine maso anga ndi a nkhuku, sindinaone kanthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Teteza Lachinayi, kwera ndege Loweruka, ukakonzere kwanu mwana ali pamiyendo."

"Nanga chithunzi chomwe apemphachi?"

"Ukati kompyuta inavuta. Ndani sadziwa kuti makompyuta a pano amavuta?"

Musamuweruze Tiurma. Ndiye amene ankamupeza Nawang pa masitepe akumbuyo, foni ili m'manja, maso ali psuu, Kinan akakana kulankhula naye. Ankanena zimenezi chifukwa cha chisoni.

Nawang anapitiriza kuyang'ana mzere wofiira uja.

"Iii, nkhope imeneyo ndikuidziwa," anatero Tiurma. "Chabwino, ndipite ine. Ndikangoti, Pak, pulogalamu yanu ndi yowola. Basi, nkhani yatha."

"Ungayerekeze!"

"Inu Ajava, abale! Nyumba ikupsa, inu mumayamba mwagogoda, mupepese, mufunse ngati ana adzuka bwino."

"Ndipo inu mumagwetsa chitseko ngakhale chili chotsegula," anatero Nawang, akumwetulira mosafuna. Kenako anapuma mozama. "Ndipita ndekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Kunena kunali kophweka. Nawang anakulira ku Klaten, m'nyumba yomwe mwana akamadutsa pamaso pa akulu amawerama, ndipo munthu wamkulu sumuuza m'maso kuti walakwa. Si mantha ayi. Umamusungira nkhope, chifukwa ukaigwetsa pansi nonse awiri mumasowa poyang'ana. Anasindikiza mapepala atatu: mizere iwiri ija, maselo osalumikizana aja, ndi kapulogalamu konse. Anatenga cholembera kuti adule mzere pansi pa mbewu ija, koma anachibwezera pa tebulo. Atapemphera swala ya masana, anatsika kupita ku ofesi ya Pak Suwondo.

"Mbak Nawang, lowani, lowani," anatero bambowo, akusuntha tambula ya tiyi. "Zovala za Lachinayi zasitidwa?"

"Zasitidwa, Pak."

Nawang anakhala kunsonga kwa mpando n'kupereka mapepalawo ndi manja awiri.

"Pepani, Pak, ndakusokonezani. Pali pomwe mutu wanga wakanika. Mwina ndaphonya penapake. Ndimati mundiphunzitse chifukwa chomwe mizere iwiriyi yakhalira umodzi."

Pak Suwondo anavala magalasi. Pepala loyamba analiyang'ana nthawi yaitali. Lachiwiri analiyang'ana pang'ono chabe, chifukwa munthu wa ntchitoyi safuna womasulira pamenepo. Pa lachitatu chala chawo chinatsika mzere ndi mzere, pang'onopang'ono, mpaka chinaima. Kunja kunkamveka njinga zamoto za ophunzira opita kukadya. Nawang ankayang'ana nsapato zake.

"1903," anatero Pak Suwondo potsiriza. "Pa 19 Malichi. Tsiku lomwe anabadwa mwana wanga woyamba." Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Ndinakalemba ndili ndi selo limodzi lokha, ndipo pa selo limodzi kanalibe vuto. Nditayamba za maselo ambiri sindinakatsegulenso."

"Mwina ndi ine ndinakagwiritsa ntchito molakwika, Pak."

"Mbak Nawang, ulemu mwandipatsa wokwanira, ndaulandira. Tsopano tilankhule za ntchito. Mwaziona liti izi?"

"M'mawa uno."

"M'mawa uno," anabwereza bambowo. "Ndipo mwabwera Lolemba, osati Lachisanu."

Anaimirira, n'kuuza mlembi wa mu ofesi yawo kuti msonkhano wa masanawo sapitako. Anakwera okha masitepe mpaka nsanjika yachitatu, komwe sankafikako kawirikawiri chifukwa cha bondo, n'kukoka mpando wa pulasitiki pambali pa Nawang. Tiurma, wa pakamwa uja, anathamangira kukagula khofi.

Kukonza kunatenga mphindi ziwiri. Zaka khumi ndi chimodzi, mphindi ziwiri! Selo lililonse analipatsa mbewu yake, n'kuyesa pa maselo zana limodzi okha kuti zotsatira zibwere msanga. Cha m'ma folo koloko zinafika. Pa timaulusi tofooka, kugunda pamodzi kuja kunalibe, kunasowa kotheratu. Atalimbitsako timaulusi, panaoneka kachulu kakang'ono pa phokoso la pakatikati.

"Kanthu kalipo," anatero Pak Suwondo, akuloza ndi chala chachikulu. "Koma si njovu yomwe tinalengeza ija. Ndi kambuzi."

"Koma ndi kambuzi kenikeni, Pak," anatero Nawang, ndipo kwa kanthawi maso ake anawala, mavuto onse ataiwalika. "Taonani, kakusuntha tikasintha mphamvu ya timaulusi. Kale sikankasuntha. Ndinkadabwa, koma ndinkati ndi mwayi."

"Kubwereza zonse pa kompyuta yaikulu ya pano pa yunivesite, ndi mzere wa odikira womwe umakhalapo uja, ndi miyezi inayi. Mwina isanu."

Kuwala kuja kunazima. Pak Suwondo anatembenuza mpando n'kumuyang'ana.

"Ndinena mosabisa. Mwa asanu aja palibe adzatsegule pulogalamu, inunso mukudziwa. Nkhani yanga ya m'magazini ija ndiyenera kuichotsa, pamenepo palibe zokambirana. Koma kalatayo ndikhoza kuitumiza sabata ya mawa, inu mutakwera ndege. Ndikati khalani chete, ndikhala ndikukuphunzitsani zoipa. Ndikati imitsani mayeso, ndikhala ndikupereka miyezi ya mwana wanu, yomwe si yanga. Ndiye nenani inu."

Tiurma anali pakhomo ndi makapu atatu a khofi, akugwedezera Nawang mutu, maso akulankhula zonse zomwe pakamwa panalephera.

Nawang ankafuna kupita kwawo, abale, ankafunitsitsa.

"Pak," anatero, "ndikadzaima Lachinayi n'kunena kuti maselo amamverana, pomwe ndikudziwa kuti sakumverana, mawu sadzatuluka. Ndimadzidziwa. Imitsani mayeso."

"Chitsiru iwe," anatero Tiurma. Anaika khofi pa tebulo mpaka kutayika, n'kutuluka kukamina panja.

Madzulo omwewo Nawang anaimbira mwamuna wake. Danang anamvetsera osamudula.

"Wachita bwino, Dik," anatero Danang, akumuitana ndi dzina lachikondi. "Zikundiwawa, koma wachita bwino. Chinthu chimodzi chokha: Kinan umuuze wekha. Ine sindingathe."

"Ndimuimbira mawa."

Lachiwiri sanaimbe. Lachitatu anatenga foni katatu n'kuibwezera m'chikwama. Mkazi amene anakalowa mu ofesi ya pulofesa ndi mapepala atatu aja ankaopa kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankachita nazo manyazi.

Chipinda cha mayeso chinali chitasungidwa kale kuti chidzagwire ntchito Lachinayi, ndipo timabokosi ta zokhwasula tomwe woyesedwa amagawira alendo tinali titaitanitsidwa. Pak Suwondo anakana kubweza chipindacho. M'malo mwake anaitana dipatimenti yonse, aphunzitsi ndi ophunzira omwe. Ife amene takalamba m'makhonde amenewa taona misonkhano yambiri, koma wotere sitinauonepo.

Pak Suwondo anabwera atavala malaya awo abwino a batiki. Sanakhale kutsogolo pa mipando ya oyesa. Anakaima pa kagome komwe amaima woyesedwa, n'kuonetsa pa khoma mzere wabuluu uja, kenako wofiira.

"Amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu," anayamba motero. "Lero zatembenuka. Wadya ndi wamkulu, zapota mwana."

Ena anaseka pang'ono, osadziwa ngati n'kololedwa. Iwo anafotokoza zonse mwadongosolo ngati phunziro la m'kalasi: mbewu, maselo osalumikizana, kambuzi kotsala kaja. Ananena kuti kalata yochotsa nkhani yawo anaitumiza Lachiwiri, ndi kuti ophunzira awo akale awiri, omwe mabuku awo anakhudzidwa, anawaimbira okha foni.

Mmodzi wa oyesa, mayi wachikulire amene anaphunzira nawo limodzi kalekale, anafuna kuwaponyera chingwe.

"Pak, zoterezi zimachitika. Ndiponsotu ophunzira amayenera kumafufuza okha zomwe apatsidwa..."

"Ayi, Bu, zikomo. Dzina lili pamwambapo ndi langa. Ndipo ndine amene ndinkawauza kuti asataye nthawi, kapulogalamuka n'koyesedwa kale." Anayang'ana ophunzira a kumbuyo. "Kuyambira lero, chilichonse chomwe ndakupatsani muzichitsegula. Mukapeza chowola, bwerani. Amene simutha kugogoda, bwerani ngati Mbak Tiurma."

Apa anthu anaseka momasuka, ndipo Tiurma anabisa nkhope m'kabokosi ka zokhwasula.

Kenako Pak Suwondo anatsika pa kagome kaja, akutsimphina pang'ono, n'kuyenda mpaka pa mzere wachitatu pomwe panakhala Nawang. Anaphatikiza manja pachifuwa n'kuwerama.

"Mbak Nawang, lero likanakhala tsiku lanu. Ndakudyerani miyezi yomwe sindingakubwezereni. Ndikhululukireni."

Pulofesa kuweramira wophunzira, pamaso pa anthu, tsiku loti si la chikondwerero cha kukhululukirana! Nawang anadzambatuka, n'kuwerama kuposa iwo. Anangogwira manja awo n'kuwagunditsa pamphumi pake. Atakweza mutu anadziwa kuti sangazengerezenso. Anapempha kutuluka.

Anakaima kumapeto kwa khonde, pafupi ndi zenera. Inali nthawi yoti Kinan waweruka kusukulu. Danang atayankha, Nawang anangoti, "Mpatse."

"Amayi!" mawu anabwera akudumphadumpha. "Kwatsala kugona kuwiri!"

"Kinan, tamvera mwanangu. Loweruka sindibwera."

Kudumpha kuja kunaleka.

"Mwalephera mayeso?"

"Ayi. Ndapeza kuti masamu anga ena analakwika, ndiye ndiyenera kuwabwereza."

"Aphunzitsi anakugwirani?"

"Sanandigwire. Ndinakanena ndekha."

"Bwanji simunangofufuta ndi labala?"

Nawang anaseka, misozi ikutsika.

"Ndikufufuta, mwanangu, koma ndi ambiri. Zinditengera miyezi inayi."

"Miyezi inayi ndi kugona kungati?"

Akanatha kunena kuti pang'ono. Mawuwo anali kale pa lilime.

"Ndi kugona 120."

Nawang ankamva mwanayo akupuma.

"Ine ndimalekeza pa fifite," anatero Kinan.

Foni inaikidwa pa tebulo osaidula. Nawang anamva timapazi tikuthamanga pa matabwa, chitseko chikumenyetsedwa, ndi Danang akuitana dzina la mwanayo chapansipansi. Anakhalabe foni ili kukhutu mpaka m'nyumbamo munasiya kumveka kanthu. Kenako anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango wake, anakwera masitepe mpaka nsanjika yachitatu, n'kutumiza maselo oyamba mazana asanu ku kompyuta yaikulu ija. Pa mzere wa odikira anali wa nambala seveni.